Chaka Chimene Nikelo Anatulukira Pamwamba

Amene anayamba kundiuza kuti sukulu ya mwana wanga yafika povuta anali a Nachisale, mayi wa ku Dedza amene tinkagona chipinda chimodzi ku Doornfontein, mu Joni. Linali Loweruka masana. Ndinali nditangofika kuchokera ku Rosebank kumene ndinkagwira ntchito ya m'nyumba, nsapato ndisanavule n'komwe. Iwo anali kalikiliki kusita zovala za makasitomala awo, ndipo sanadzutse mutu.

"Amake Tamanda, mwana wanu anabwera m'mawa. Anangokhala pabedi apo, tiyi wakana. Akuti zitsulo zake zatembenuka."

"Zatembenuka bwanji?"

"Ine n'dziwa? Akuti chofunika kukhala kunja chalowa m'kati, cham'kati chatulukira kunja. Ndiye akuti akawauza a kampani aja, basale itha. Basale ikatha, za pemiti mukudziwa nokha."

Za zitsulozo sindinatolepo kanthu, koma za basale ndi pemiti ndinamva bwinobwino. Basale ndiyo inkamulipirira Tamanda sukulu pa yunivesite, ndipo pemiti yake yokhalira ku Joni inali yomangirira pa sukuluyo. China chikaduka, chinzake chimagwa nacho. Ndinakhala pansi ndi chikwama m'manja, ndinati, "Ambuye, tachokera nazo kutali, musatisiye panjira."

Kuti mumvetse, ndiyambe ndanena m'mene tinapezekera kumeneko. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kumene timalima kachewere ndi kabichi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Bambo a kunyumba atamwalira anandisiyira ana awiri aakazi, Tamanda ndi mng'ono wake Chifuniro. Tamanda anali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo aphunzitsi ake sankatopa kundiuza kuti mwanayu pa masamu ndi wina. Kabichi sakanatha kumuphunzitsa. Ndinasiya Chifuniro m'manja mwa mng'ono wanga, ndinakwera basi.

Ulendo wa basiwo sindiufotokoza wonse. Ndimangokumbukira miyendo kutupa, ndi mantha pa chipata chilichonse. Pa Park Station, potsikira mabasi mu Joni, ndinatsika ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni imene abusa athu anandipatsa. Nambalayo inali ya a Nachisale. Anabwera atavala jekete lachimuna, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Chikwamacho chikhale kutsogolo, osati kumsana. Kuno si ku Ntcheu." Ubale wathu unayamba choncho.

Chipinda chathu chinali pamwamba pa nyumba yosanjikizana yakalekale, pafupi ndi mashopu kumene anthu amakaoda katundu. Chikepe chake chinafa ife tisanabwere. Pakati pa chipinda tinakoloweka nsalu, uku bedi langa, uku lawo. Madzi akasiya kutuluka tinkakwera nawo masitepe m'zigubu, kupuma apa, kupuma apo, tikuseka mawondo athu. Nditadwala chibayo nyengo yozizira, a Nachisale ndiwo ankandisambitsa. Masiku aja mzinda unatentha, alendo tikuthamangitsidwa m'misewu, tinadzitsekera momwemo tikudya buledi ndi tiyi, tikuimba nyimbo za m'buku motsitsa mawu. Mapepala anga anali a mwa apo ndi apo monga ambiri a ife, ndipo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'shopu ngati wofuna kugula.

A Nachisale ndiwonso anandipezera ntchito ndi kundiphunzitsa kagwiridwe kake. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: bwana osamuuza chimene sanakufunse, osachitanso chimene sanakutume. Lamuloli sanalitole pamsewu. Kale ankagwira kwa madamu ena, zaka zambiri ndithu, ndipo tsiku lina posuntha kabati ya kukhitchini anaona khoma litavunda ndi madzi. Mwa mtima wabwino anakanena. Amisiri atabwera n'kupeza kuti ntchito ndi yaikulu, madamuwo anati wovunditsa khomalo ndi a Nachisale, amathira madzi ambiri pokolopa. Mwezi sunathe, ntchito inatha. "Ndikanangobwezera kabati pamalo pake," ankatero, "bwenzi ndili pomwepo mpaka lero."

Ine ndinalisunga lamulolo ndipo linandisunga. Madamu anga a ku Rosebank anali agogo okhala okha, munthu wosavuta, ndipo sindinganame kuti anandizunzapo. Ndinkachapa, kusita, kukolopa, kupukuta masupuni awo a siliva. Zimene ndinkaona zosandikhudza ndinkazisiya momwemo. Malipiro akatuluka ndinkatumiza kumudzi, fizi poyamba, zina pambuyo. Motero Tamanda anamaliza sekondale, anapita ku koleji kwathu konkuno, anachita za sayansi, ndipo anakhoza bwino moti yunivesite ina ya ku Joni inamuitana kuti adzapitirize. Basale inachokera ku kampani ina imene imagula pulatinamu kumigodi n'kumapangira zipangizo.

Nditamva mawu akuti migodi ndinachita mantha. Bambo anga anali a gulu lija linapita kumigodi ya ku Joni kale, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga. Tamanda anaseka pafoni. "Amayi, pansi sindikalowako. Ndikakhala pampando. Zitsulo zanga zonse zili m'kompyuta."

Ndinakamuchingamira pa Park Station pomwe paja. Ndinkayang'anayang'ana kamtsikana koonda kamene ndinakasiya, mpaka mayi wamtali wovala mandala anandigwira paphewa n'kuti, "Amayi, ndine." Anandionetsa pasipoti yake, pemiti yeniyeni itamatidwa bwinobwino. M'banja mwathu anali woyamba kuyenda mu Joni osaopa wapolisi.

Ankagona ku hositelo ya ana asukulu, koma Lamulungu ankabwera kwathu tikaweruka kutchalitchi. Tsiku lina ndinamuumiriza kuti andionetse chimene amachita, poti amayi kumpingo akandifunsa ndinkangoti za kompyuta. Anatsegula laputopu yake pabedi. Pagalasi panali kampira kopangidwa ndi timikanda tothinana, tina totuwa, tina tobiriwira.

"Totuwati ndi pulatinamu, tobiriwirati ndi chitsulo china chotchedwa nikelo. Kamkanda kalikonse ndi atomu, kanthu kakang'ono kwambiri kamene chitsulo chimapangidwa nako. Kampira konseka n'kakang'ono moti kafumbi kamene mumapukuta patebulo, kwa iko ndi phiri."

"Nanga ngati sikaoneka, iwe wakaona bwanji?"

"Sindinakaone. Ndimauza kompyuta m'mene timikandati timakokerana. Iyo imatisinthasintha malo, kutenthetsa, kuziziritsa, mpaka kalikonse katakhala pamene kakufuna. Ndiye imandijambulira."

Anandifunsa ngati masupuni a madamu ali a siliva mpaka m'kati. Ndinati ayi, akalekale aja anapereseka m'mbali, pakuoneka chitsulo chachikasu. Iye anati n'zomwezo. Pulatinamu ndi wodula kwambiri, ndipo m'zipangizo za kampaniyo, zopangira magetsi kuchokera ku mpweya, amene amagwira ntchito ndi wapakhungu yekha. Wam'kati amangokhala. Ndiye a kampani ankafuna timipira toti kunja kukhale pulatinamu, m'kati nikelo wotchipa. Kusiyana kwake ndi supuni n'koti apa palibe wopaka. Timikandato timasankha tokha kopita, ndipo ntchito ya Tamanda inali yofufuza kuti tisankha kuti.

Chaka choyamba zonse zinayenda. Kompyuta yaikulu imene ankatumizako ntchito inali kumzinda wina, ndipo ankati kumakhala mzere ngati wa kuchipatala. Koma zotsatira zikabwera, kampira kankabwera kotuwa konsekonse, nikelo atabisala m'kati. A kampani anasangalala. Anamuitana kumsonkhano wawo, anaonetsa zithunzi zake pakhoma, ndipo anamulonjeza kuti akamaliza digiri imeneyi amulipirira ina yapamwamba, ya udokotala wa sayansi. Lachinayi masana, tsiku limene antchito a m'nyumba ambiri timapuma, amayi a ku Malawi tinkakumana m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ina kupemphera. Ndinakapereka umboni kumeneko, ndipo tinaimba mpaka mwini shopu anatuma munthu kuti tichepetse.

Ndiye mutha kuona chifukwa chake mawu a a Nachisale Loweruka lija anandiopsa.

M'mawa mwake Tamanda anabwera monga mwa nthawi zonse, koma ataonda m'masaya. Tisanadye n'komwe, a Nachisale anakoka mpando.

"Tafotokoza bwino, mwanawe. Chatembenuza zitsulozo n'chiyani?"

"Mpweya, anti. Poyamba paja kampira kanali kokhakokha, popanda kanthu pozungulira. Koma m'chipangizo chenicheni mumakhala okosijeni, mpweya womwe timapumawu. Ndiye ndinauika m'kompyuta. Okosijeni amakondana kwambiri ndi nikelo, akumukokera kunja, khungu lija likung'ambika. Ndabwereza kangapo, timipira tokulirapo ndi tating'ono, zikutuluka zomwezo."

"Mpweyawo anakutuma ndani kuika?"

"Palibe."

"A kampani anakufunsa?"

"Ayi."

"Apulofesa ako?"

"Anati zimenezo tidzaona kutsogolo."

A Nachisale anaomba m'manja kamodzi. "Eish! Wasuntha kabati, mwana iwe. Bwezera pamalo pake. Wapatsidwa ntchito, waigwira, anthu akondwa, akuombera m'manja. Lero ukufuna ukawauze kuti chimene anakondwera nacho n'chovunda? Apatse zithunzi zotuwazo, utenge pepala lako, ulowe udokotala. Mpweyawo akadzaufuna adzafunsa."

"Anti, limenelo ndi theka la nkhani. Akapanga chipangizo potengera zithunzi zimenezo chidzafooka msanga, ine ndikudziwa kale."

"Theka si bodza. Amayi akowa akolopa nyumba ya eni zaka zonsezi kuti iwe udzakhale wolungama kuposa eni dziko? Ndiwe mlendo kuno. Udzanena zoonazo, adzakuthokoza, kenaka adzakuonetsa geti."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. A Nachisale sankanena zamisala. Ndinali nditaona ndi maso anga anthu akuchotsedwa ntchito pa zazing'ono kuposa izi. Komanso nkhope ya mwana wanga ndinkaidziwa. Ndinangofunsa kuti msonkhano wotsatira ndi a kampani uli liti. Anati mwezi ukatha. Ndinati, "Nthawi ilipo. Tipemphera."

Lachinayi ndinatula nkhaniyo kwa amayi anzanga. Ndinafotokoza monga ndinkathera, za totuwa ndi tobiriwira, ndipo ndinapempha chinthu chimodzi, kuti Mulungu amene analenga zitsulo zonse alamule pulatinamu akhale pamwamba. Palibe anaseka. Amayi aja anagwada pasimenti, manja akununkhabe sopo wa m'nyumba za eni, n'kupempherera chitsulo chimene sanachionepo. Ena tinagwirizana zosala kudya masana sabata imeneyo. A Nachisale nawonso anasala, ngakhale ankati kupemphera n'kwabwino koma kutseka pakamwa n'kwachangu.

Tamanda anatumizanso ntchito ku kompyuta yaikulu ija, ulendo uno atasintha kutentha ndi kuchuluka kwa mpweya, kuti mwina analakwitsa penapake. Tinayamba kudikira mzere wake. Masiku amenewo madzi anasiyanso kutuluka, ndipo tikupuma pamasitepe ndi zigubu zathu, a Nachisale anandiyambanso.

"Mwana amamva mayi ake. Inu mukanena kuti khala chete, akhala."

"Mwina."

"Osati mwina. Mwanayu mwamuphunzitsa ndi msana wanu. Mukufuna akagulitse kabichi ndi digiri m'chikwama? Muuzeni, achemwali. Mulungu sangakuimbeni mlandu pa timikanda."

Ndinawayankha kuti ndidikira kaye yankho la mapemphero athu. Kunena zoona ndinkayembekeza kuti yankholo lindipulumutsa kuti ndisasankhe. Kuntchito madamu anaona kuti ndasiya kuimba posita, anandifunsa ngati kumudzi kuli bwino. Ndinati kuli bwino.

Zotsatira zitabwera, Tamanda anandiimbira ndili kuyanika zovala. "Amayi, zomwe zija. Lachinayi mubwere kusukulu mudzaone nokha."

Ndinali ndisanalowepo pa yunivesite. Pageti panali mlonda wachikulire, ndipo atamva kalankhulidwe kanga anamwetulira. "Mama, ndinu a ku Malawi? Agogo anga anabwera kudzagwira mgodi, sanabwerere." Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chizulu, koma anandiperekeza mpaka pakhomo pa ofesi, akundifunsa ngati phiri la Dedza likadali pomwe agogo ake analisiya.

Mu ofesimo munali matebulo ndi makompyuta basi, kachitsulo ngakhale kamodzi osakaona. Tamanda anandikhazika pampando wake n'kuyatsa chithunzi choyenda. Kampira kanayamba kotuwa. Kenaka timikanda tofiira, timene anati ndi okosijeni, tinadzatera pamwamba. Pang'onopang'ono kobiriwira kamodzi kanatulukira, kena apa, kena apo, mpaka khungu lonse linali mawangamawanga. Anandibwerezera. Ndinaona ndekha kuti palibe dzanja la munthu likukankha.

"Tinasala kudya," ndinatero.

"Ndikudziwa, amayi, ndipo ndikuthokoza. Koma kompyutayi sipanga kanthu, imangonena. Chithunzi chikanasintha chitsulo chenicheni chili chomwecho, bwenzi itandinamiza."

"Ine sindinapemphe kuti chithunzi chisinthe. Ndinapempha Mwini wake asinthe chitsulocho."

Iye anati, "Ndiye zikuoneka kuti anachilenga choncho, amayi, ndipo wakana kuchisintha chifukwa cha pemiti yanga."

Tinaseka tonse awiri, misozi ili pafupi. Ine ndakulira m'mapemphero, ndipo ndimadziwa kuti ayi nalonso ndi yankho. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti akanena atha kupakira. Anati akudziwa. Ndinamufunsa ngati angathe kukhala zaka zonse za udokotala akudya za anthu aja, akuwayang'ana m'maso, chinthu ali nacho mumtima. Anati sangathe. Mawu amene a Nachisale anandituma anali pakamwa panga, koma sanatuluke. Ndinamugwira mutu pomwepo, anzake akuyang'ana, ndinapemphera mwachidule kuti Ambuye amupatse mawu omveka ndi mawondo olimba. Za zitsulo sindinatchulenso.

Anayamba wauza apulofesa ake, mayi wa imvi wosalankhulalankhula. Akuti anayang'ana nthawi yaitali, anafunsa mafunso ambiri, anauza wophunzira wina kuti abwereze ntchitoyo payekha. Zitafanana anati, "Lemba zonse momwe ziliri. Kumsonkhano tipitira limodzi."

A Nachisale atamva anakhala masiku akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Koma dzulo lake la msonkhano, Tamanda atabwera kudzatenga bulauzi yake yoyera imene anaisiya kwathu, anawapeza akuisita, akuwaza madzi pa kolala. "Ngati ukupita kukadzichotsa ntchito, upite wooneka bwino," anatero. Anamubwerekanso nsapato zawo zakuda za kutchalitchi.

A kampani sanamukalipire. Akuti anamvetsera, anafunsa, ndipo mkulu wawo anamugwira chanza n'kumuthokoza kuti wawapulumutsa ku ntchito yaikulu. Tamanda anawauzanso kuti khungu likakhala lochindikala limapirira, kungoti pamenepo pulatinamu afunika wambiri, ndipo phindu limene ankayembekeza lichepa. Anagwedeza mitu. Patapita masabata uthenga unabwera kudzera kwa apulofesa, woti digiri imene wayamba amulipirira mpaka amalize, koma za udokotala ayi, poti njira ya nikelo aisiya. Apulofesa anagogoda uku ndi uku, koma basale zimene zinalipo chaka chimenecho zinali za nzika za dzikolo.

Ndinayembekeza kuti a Nachisale andikumbutsa zimene ananena. Sanatero. Anangonditsanulira tiyi n'kuthiramo shuga wambiri kuposa masiku onse.

Tsiku lolandira digiri tinapita tonse awiri, ine ndi a Nachisale. Madamu anandipatsa tchuthi, anandibwerekanso chipewa chawo, koma ine ndinamanga duku langa. Dzina la Tamanda litatchulidwa ndinaimba nthungululu za ku Ntcheu, ndipo amayi a Chizulu amene anakhala kumbuyo kwathu anandilandira ngati mwanayo ndi wawo. Ntchito yake inasindikizidwanso m'buku la akatswiri, dzina la malemu bambo ake lili pamwamba. Zimenezi palibe angatilande.

Pemiti itatsala pang'ono kutha ndinaganiza zobwerera naye limodzi. Chimene ndinapitira chinali chitatheka, ndipo mawondo anali atayamba kukana masitepe. Madamu analira potsanzikana, ine ndinawapezera mtsikana wina wa kumpingo kwathu. A Nachisale anatinyamulira zikwama mpaka pa basi. Anamuuza Tamanda kuti, "Iwe ndiwe wamakani ngati mbuzi, koma tabwera kuno," n'kumukumbatira mpaka kondakitala anakuwa. Iwo anatsala. Amati abwera chaka chamawa, ndipo akhala akutero chaka chilichonse.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata imene ndinkatumizira ili chilili, koma anthu atasintha. Chifuniro, amene ndinamusiya ali ku pulayimale, ndinamupeza ndi mwana kumsana. Amene Chifuniro amamutcha amayi ndi mng'ono wanga uja, ine amandilonjera atagwada chapatali ngati mlendo wolemekezeka. Sindimuimba mlandu. Ndinapita kukaphunzitsa wina, winayu anakula ndi mawu anga a pafoni. Tikuzolowerana pang'onopang'ono kudzera mwa kamdzukulu, kamene sikadziwa zogwada, kamangondikwera pamiyendo. Abale ena ankayembekeza kuti tibwera ndi galimoto, ndipo atamva kuti Tamanda anataya mwayi chifukwa cha mpweya anapukusa mitu. Ena amanena ine ndili pomwepo kuti sukulu yambiri imachotsa nzeru.

Tamanda akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina pa boma. Ana amamukonda. Laputopu ija ikadalipo, ndipo apulofesa ake anamusiyira mpata pa kompyuta yaikulu. Magetsi akakhalapo Loweruka amatumiza ntchito kuchokera konkuno ku Ntcheu. Pano akuyesa kuika golide pang'ono pakhungu, kuti aone ngati angatseke njira ya nikelo. Akuti timipira tina tikupirira, tina ayi. Anapempha malo a udokotala kusukulu ziwiri zakunja. Ina inayankha kuti ayi. Inayo sinayankhe.

Tchuthi chathachi anabwera kudzandithandiza kukumba kachewere, ndipo ndinamufunsa mosazungulira ngati amadandaula. Anaimika khasu.

"Masiku ena, amayi. Makamaka choko chikatha, ana ali pansi akundiyang'ana."

Anawerama n'kuyamba kutola. Ine ndinathokoza mumtima kuti nanenso sanandinamize.

Yankho la sukulu yachiwiri ija sindidziwa ngati lidzabwera, kaya lidzati chiyani. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko banja lino. Mukumbukire Chifuniro ndi kamwana kake, kuti tsiku lina adzandiitane popanda kugwada. Mukumbukire a Nachisale, amene si a magazi athu koma ndi athu, ukalamba ukuwapeza kudziko la eni. Ndipo makamaka mundikumbukirire Tamanda wanga, amene m'mawa uliwonse amayamba wayang'ana foni asanasukusule, kenaka n'kutenga mabuku ake kupita kukaphunzitsa.